Nkhosa ya Kukhosi kwa Talandira

"Mwana wanuyu asiye zimenezi, apo ayi timudula mumpingo," anatero a Elifala, mkulu wa mpingo kwathu kumapiri a Ntchisi.

Talandira, mwana wanga, anali ataima kutsogolo kwa mabenchi m'tchalitchi, zala zili bii ndi utomoni wa fodya. Mlandu wake unali woti akamasoka fodya m'chigafa, anthu amamumva akutulutsa mawu achilendo kukhosi. Ena amati ndi ziwanda.

"Ndi sukulu, abambo," anayankha. "Ku yunivesite tikuphunzira chilankhulo chimene chinabala Chingerezi ndi Chihindi. Chinatha kalekale, palibe anachilemba. Chinali ndi mawu akukhosi amene anasintha pang'onopang'ono mpaka kusowa. Mayeso ayandikira, ndiye ndimayeserera."

"Ndiye kuti umalankhula ndi akufa?"

"Ayi. Ndimangofuna kumva mmene ankatchulira mawu oti nkhosa, poti ankayambira kukhosi."

Wina anaseka kumbuyo. A Elifala atamuyang'ana, wosekayo analeka.

"Amake Talandira, inu ndi a chigwirizano. Muuzeni alonjeze pompano kuti wasiya."

Onse anatembenukira kwa ine. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, za Chihindizo sindizidziwa. Koma mwanayu ndinabala ndine, akanakhala ndi chiwanda ndikanayamba kudziwa ndine.

Ndinaimirira n'kumanga chitenje bwinobwino.

"Tala, tatchula nkhosayo ndimve."

Anatchula. Zinamveka ngati munthu wotsamwa ndi chimanga chokazinga.

Ndinayesa nanenso, ndinangotsokomola. Nditayesa kachiwiri zinatuluka, tchalitchi chonse chinamva.

"Abambo," ndinatero, "mukamadula, mutidule tonse awiri."