Mkanjo wa Jaji Unali Wautali

Panali bambo wina, telala, amene anathamangitsa mwana wake wamkazi pa mlandu woti mwanayo sanapalamule. Masiku ano amavomera yekha kuti analakwa. Zinayenda motere.

Telalayu sanapite patali ndi sukulu, koma mwana wake anali wanzeru, wokonda kutsutsa. Ukati shuga watha, iye ankafuna umboni. Bambo ake anachita kumupatsa dzina loti Kaloya.

Kaloya ali ku sekondale, kushopu kunabwera munthu wachilendo kudzasoketsa zipi ya thalauza. Akudikira, anaona mtsikanayo akudutsa.

"Mwana wanu uyu? Pepani bambo. Madzulo aliwonse ndimamuona akulowa mu ofesi ya mdala wina wa galimoto yakuda."

Anatenga thalauza lake n'kumapita. Ngakhale dzina lake telala sanalidziwe.

Mkazi wa telala atamva kuti mwamuna wake akufuna kuthamangitsa mwanayo, anamugwira mkono. "Bambo a Kaloya, mufunseni kaye mwanayu."

"Ndimufunse kuti andigonjetse ndi pakamwa pakepo ngati masiku onse?"

Kaloya pobwera anapeza zovala zake zili panja, m'thumba la zigamba.

"Ababa, ndifotokoze."

"Ukafotokoze komweko. Ine ndilibe mwana."

Mtsikanayo anakakhala kwa mayi ake aang'ono. Zoona sizinachedwe kutuluka. Mdala uja anali loya wokalamba, ndipo Kaloya ankasesa mu ofesi yake kuti azibwerekedwa mabuku. Telala anamva, koma manyazi anamumanga miyendo. "Mwana ndiye abwere kwa ine," ankatero. Mwana sanabwere. Mkazi wake anatopa nazo, anatsatira mwana, ndipo anakamwalirira komweko. Pamaliro bambo anakhala uko, mwana uko, osayang'anana.

Zaka zinapita. Zoti Kaloya wamaliza sukulu ya zamalamulo ali woyamba m'kalasi, telala anamva kwa kasitomala. Zoti walumbira kukhala loya, anamva pa wailesi ya wometa tsitsi woyandikana naye. Atalandira mphoto chifukwa choimira amayi amasiye kukhoti, chithunzi chake chinabwera chokha, m'nyuzipepala imene munthu wina anakulungira malaya. Telala anaisita nyuzipepalayo bwinobwino n'kuibisa m'dilowa ya makina ake osokera. Anthu akafunsa kuti, "Si mwana wanu uyu?" iye ankati, "Mayina amangofanana." Ankadyera pamakina pomwepo, yekha. Akaweruka ankachedwa dala kutseka shopu, poti kunyumba kunalibe womupatsa moni.

Tsiku lina mayi aang'ono a Kaloya aja anatulukira ndi chikwama.

"Alamu, mukadali moyo? Ndimayesa makinawa anakumezani."

"Mwabwera ndi chiyani, alamu?"

Mayiyo anatulutsa mkanjo wakuda, wolemera. "Wa jaji uwu. Ukukwekwereza pansi. Mwiniwake ndi wamfupi, anatengera munthu wina wamakani amene ndikumuyang'anayu."

Telala anaulandira. "Akudziwa kuti mwabwera nawo kuno?"

"Akanadziwa, bwenzi ine ndili woyamba kumangidwa. Lachisanu akulumbira kukhala jaji, Loweruka anyamuka kupita kukhoti lakutali kumene amutumiza. Mukaphonya apa, mudzapepesera pamanda, kaya anu kaya ake."

Telala anasisita nsaluyo nthawi yaitali. Kenako anati, "Mkanjo sapinda uli pathebulo. Mwiniwake auvale, ine ndiike mapini."

"Ndiye bwerani Lachisanu m'mawa ndi mapini anuwo."

Lachisanu telala anavala jekete imene anasoka yekha. Pageti pa khoti mlonda anamuimitsa.

"Oitanidwa okha, madala. Ndinu wachibale?"

Mawu oti "ndine bambo ake" anamukanirira pakhosi. "Ndine telala."

"Telala adzere kuseri."

Anadzera kuseri. M'kachipinda kovalira anapeza Kaloya ataima pagalasi, mayi ake aang'ono akumuveka mkanjo, ntchito imene ikanakhala ya kholo lake. Telala sanapereke moni. Anagwada, mapini ali pakamwa, n'kuyamba kupinda nsalu m'munsi.

Kaloya anayang'ana pansi. Anaona dazi, kenako manja aja amene ankamusokera yunifolomu. Anatembenukira kwa mayi ake aang'ono.

"Mayi, wamuitana ndani munthuyu?"

"Mkanjo ndi umene wamuitana, mwanangu."

Kukhomo wina anagogoda. "Olemekezeka, mwatsala inu nokha."

Kaloya anabweza maso pagalasi. "Bambo telala, fulumirani. Anthu akundidikira."

Telala analavulira mapini m'dzanja lake. Sanadzuke.

"Kaloya, lero ukuyamba kuweruza anthu. Uzikawamva kaye. Ine ndinakuweruza pa mawu a munthu wodzasoketsa zipi, osakulola ngakhale kutsegula pakamwa. Nditadziwa zoona ndinakhalabe chete mpaka mayi ako anapita. Pampando wa makolo sindikupempha, ndi pa mayi ako aang'onowa. Ndabwera kudzanena zimene ndinayenera kunena kalekale. Wolakwa ndinali ine. Pepa, mwana wanga."

Phunziro: Wodutsa m'njira amalavula mawu n'kumapita, wotsala ndi nyumba yopanda anthu ndiwe. Mwana wako akati "ndifotokoze," khala pansi umve. Ndipo ukadziwa kuti unalakwa, usadikire kuti adzakulowetse khomo lakuseri pa tsiku la ulemu wake. Tumizani nkhaniyi kwa makolo onse amene muli nawo mufoni, mwina pali wina amene mawu oti pepa akumukanirira pakhosi.