Pempho limene chipata chinakana

Uthenga wofiira unatulukira pakompyuta ya Morenike anzake ali kunja kokadya. Chipata chinali chitakana pempho la munthu wa m'kampani momwemo. Anayang'ana dzina la wopemphayo. Linali la Tobenna, mwamuna amene ankakonzekera kumanga naye ukwati mwezi wotsatira.

Kampani yawo ya ku Ibadan inkasungira zipatala zotsatira za magazi. Pempho lililonse lopita kumene zotsatirazo zimakhala linkayamba laima pachipata, kapulogalamu kokhala pakati ngati mlonda. Chipata sichidziwa nkhope ya munthu. Chimangolemba mbiri ya pempholo n'kufunsa pulogalamu ina yoweruza ngati lidutse kapena ayi. Ntchito ya Morenike inali yokonza mbiri imeneyo: wapempha ndani, ali kuti, nthawi yanji. Kale chipata chinkangoona dzina, wa m'kampani aliyense n'kumadutsa ngati pakhomo pa amalume ake. Sabata yomweyo Morenike anali atawonjezera zoti chiziyang'ananso kumene munthu akulowera, ndipo anauza Bwana Falade okha.

Ndiye woyamba kukodwa n'kukhala chibwenzi chake chomwe! Koma abale inu.

Tobenna anali wa mbali yolipiritsa zipatala, analibe chochita ndi zotsatira za anthu. Nanga ankalowera kuti? Kufaelo ya zotsatira za magazi a iye ndi Morenike. Kumpingo kwawo abusa sadalitsa ukwati anthu asanayezetse magazi kuona ngati ali ndi sikoselo, nthenda ya magazi yotengera kwa makolo, ndipo zotsatira zawo zinkayenera kupita kwa abusawo Lachisanu.

Morenike sanabisepo kanthu. Iye anali AS, wongonyamula nthendayo koma osadwala. Mchimwene wake wamng'ono, Akinyemi, anabadwa SS, wodwala nthendayo kwenikweni. Anakula akulira mafupa, ndipo anamwalira asanamalize pulayimale. N'chifukwa chake tsiku loyamba lenilenilo la chibwenzi chawo Morenike anamuuza Tobenna mosapita m'mbali kuti sangakwatiwe ndi AS mnzake, chifukwa safuna kudzabereka mwana wovutika chonchija. Tobenna anaseka n'kunena kuti iye ndi AA, wopanda nthendayo ngakhale pang'ono, mtima ukhale m'malo.

Vuto linali amayi ake a Tobenna. Tsiku limene Morenike anakawaona ku Enugu, amayiwo anamugwira dzanja n'kumalitembenuza ngati akusankha chilazi pamsika.

"Mwana iwe, kuonda chonchi bwanji? Sudwaladwala?"

Tsono nkhani yonse inali poyera. Amayiwo ankaganiza kuti Morenike ndi SS wobisa matenda, ndipo mwana wawo, m'malo mowatsutsa, anabwera kudzasuzumira mwakabisira. Zinamuwawa Morenike, zinamuwawa kwambiri. Ndipo lamulo la kampani linali losakambirana: uthenga wotere uzifika kwa bwana anthu asanaweruke. Akautumiza, ntchito ya Tobenna yatha. Akaubisa n'kudzadziwika, yake yatha.

Posakhalitsa Tobenna mwiniwake anatulukira atanyamula nthochi zootcha ndi mtedza m'pepala, akuimba kamluzu.

"Nike, nkhope imeneyo bwanji? Ngati magetsi akuthimira mpira uli pakati."

"Amayi ako akutuma chiyani lero?"

"Amayi? Angofunsa za nsalu ya paukwati basi."

"Ukanangondifunsa, Tobenna. Ndikanakuthirira magazi anga m'kapu, ukawapatse ayeze okha."

Anamutembenuzira kompyuta. Tobenna anawerenga dzina lake, kamluzu kaja zii. Anaika nthochi patebulo.

"Usatumize kwa bwana, chonde. Ndikufotokozera tikaweruka."

"Fotokoza pompano."

Tobenna anatembenuka. Anatuluka osayang'ana kumbuyo, chitseko n'kuchisiya pululu.

Morenike anatsala yekha ndi phokoso la jenereta. Anatukwana chamumtima, anatukwana Tobenna, amayi ake, ndi Enugu yense. Kenako mkwiyo unayamba kuphwa, chifukwa mtsikanayu ankamukonda munthu wake, tisaname. Anadzifunsa kuti kodi cholakwa chachikulu n'chiti? Mwamuna waopa amayi ake, wafuna kutsimikiza, basi. Akanawerenga akanapeza AS yemweyo amene anauzidwa. Amukalipira, amunyanyalira mpaka Lamulungu, koma ukwati sungafere zimenezi. Kwa Bwana Falade apita yekha, akagwada ngati kuli kofunika kugwada, akanena kuti faeloyo ndi yawo yomwe ndipo palibe wakunja amene walakwiridwa.

Koma Bwana Falade salandira nkhani yapakamwa, amafuna mbiri yonse ya pempho. Uthenga wofiira uja unkangoonetsa pamwamba pokha. M'munsi mwake chipata chimasunganso chimene pempho likufuna kukachita ndi zimene lanyamula. Morenike anapukuta maso, anatafuna mtedza uwiri, n'kutsegula mbiri yonseyo kuti aisindikize.

Pempholo silinali lowerenga, linali lolemba. Mzere umene linkafuna kusintha sunali wa Morenike, unali wa Tobenna mwiniwake, ndipo linanyamula zilembo ziwiri zokha, AA.

Morenike anagwira pakamwa. Munthu amene ali kale AA sangaike ntchito yake pachiswe kuti akalembe AA.