Mapazi pa Mchenga Wosalaza

Masiku atatu opanda foni anamuyanja namwino wina. Iye ndi mwamuna wake anasiya mafoni m'kabokosi pachipata cha nkhalango yotetezedwa ya m'mbali mwa nyanja, ndipo tulo tinkabwera tokha.

Atadya chamadzulo, bamboyo anakumbukira kuti waiwala magalasi kugombe.

"Khalani pansi, bambo a ana, mungapunthwe ndi maso anuwo," anatero mayiyo akuseka. "Ndikakutengereni."

Mlonda wa kumeneko ankasalaza mchenga wa panjira dzuwa likalowa, kuti aziona ngati aliyense wotsikira kunyanja wabwerako. Mayiyo anatsika, nawapeza magalasiwo pamwala, naima pang'ono kumvetsera mafunde. Mtima unali myaa.

Pobwerera anapeza mlonda akuunika pansi ndi tochi.

"Mayi, munatsika nokha?"

"Ndekha, achimwene."

Mapazi otsika anali a munthu mmodzi. Okwera anali a anthu awiri, ofanana ndendende, koma enawo anali onyowa, ndipo anali atamupitirira kale mayiyo.

M'kanyumba kawo chapafupi, anamva mwamuna wake akuseka.

"Mwafulumiratu, mayi a ana. Nanga manjawa azizira chonchi bwanji?"