Phukusi la Febuluwale

Paterson Msiska anakhoma chitseko n'kusuzumira pa kawindo kam'mwamba. Chipinda chake chogwirira ntchito chinali kunsi kwa nyumba ya koleji ina mu London, choncho ankangoona miyendo ya odutsa. Nsapato zakuda zija zinali pompo. Linali tsiku lachitatu zikumutsatira kuchokera kunyumba kwake ku Tottenham.

Mantha anamugwira, ndipo sanali mantha achabe. Anathawa kwawo mu 1972 atalemba zimene akuluakulu ena sanafune kumva, ndipo anthu otere saiwala msanga. Mnzake wina anaduka zala potsegula kalata yophulika. Kuyambira pamenepo, kalata yachilendo ikafika kunyumba kwa Paterson inkagona mu ndowa ya mchenga kuseri.

"Bambo a Jenny, musamakwere bus imodzimodzi daily," anatero mkazi wake Etta m'mawa umenewo. "Mukafika ku work mundiimbire."

Kuntchito kokha n'kumene mtima wake unkakhala m'malo. Iye ankacheka mano a akatumbu a m'nyanja, zinyama zonenepa za kumalekezero akummwera kwa dziko, kumene kuli ayezi yekhayekha. Dzino likachekedwa limaonetsa mizere, ndipo ukaiwerenga umadziwa zaka za nyamayo. Bwana wake, mayi wasayansi dzina lake Dokotala Hale, ankafufuza ngati nyamazo zayambanso kuchuluka, pakuti alenje akale anazipulula pofuna mafuta ndi zikopa asanatembenukire kwa anamgumi.

Paterson ankazinyoza nyamazi. M'madzi n'zochenjera zedi, chifukwa adani awo ali mmenemo. Koma zikatuluka kumtunda zimangogona, mlenje n'kufika ndi chibonga zikumuyang'ana m'maso. Uchitsiru wake!

Patebulo panali phukusi la mano, monga mmene linkafikira Febuluwale aliyense sitima ya ofufuza ikaima padoko: pepala lolimba, chingwe, masitampa akutali. Koma chaka chino, 1981, panali chatsopano. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi phukusilo linkabwera m'dzina la Dokotala Hale. Lero panalembedwa dzina lake, Msiska, mosaphonya chilembo. Anakondwa ngati mwana wa sukulu amene watchulidwa pamzere. Kani kummwerako akudziwa amene amagwira ntchito yeniyeni! Silinkanunkhanso mafuta owola ngati masiku onse. Amuna a m'sitima aja ayamba kuphunzira ukhondo, anaganiza choncho.

Anayang'ananso pawindo. Nsapato zija panalibe. Mtima unakhala pansi. Watopa galu ameneyo, akayese mawa.

Anatenga mpeni, n'kudula chingwe, n'kung'amba pepala. M'kati munali kabokosi kamatabwa. Atangolowetsa chala pansi pa chivundikiro, lamya inalira. Anaganiza kuti ndi Etta wayamba kale kuda nkhawa, ndiye anaipanira paphewa akumwetulira, manja akupitiriza ntchito.

Anali Dokotala Hale.

"Paterson, pepani, nkhani si yabwino. Ndangolandira uthenga wa pawailesi. Sitima yathu yatsekeredwa mu ayezi kuyambira pa Khirisimasi, ndipo sinafike padoko lililonse. Chaka chino sanatumize dzino ngakhale limodzi."

Chivundikiro chinali chitakwera kale theka. Pansi pa chala chake, Paterson anamva kawaya kakukungika.