Kabowo ka Nyenyezi

Oyendera za moto ochokera kuboma ankabwera mawa lake. Akanapeza chozimitsira moto chimodzi chokha chosayesedwa, ntchito yanga pamalo athu opangira magetsi a nyukiliya ikanathera pomwepo. Kuno aliyense ali ndi chiboolero chake. Ukayesa chozimitsira, umaboola kakhadi kake. Changa chimasiya kabowo kozungulira.

Kutangoda, ndikudya kenke, nsima yathu ya chimanga chosasa, pageti, ndinakumbukira kuti ndaiwala chozimitsira nambala 41, kuchipinda chapansi kodutsa mawaya. Ndinasiya chakudya n'kuthamanga.

Chitseko chotchinga moto, chomwe anzanga amakonda kuchisiya chotsegula atachiimika ndi njerwa, ndinachipeza chotseka, njerwayo ili pambali. M'katimo munamveka kachitsulo. Khethe.

"Ndani?" ndinafunsa.

"Lante, ulesi uja sunausiyebe?" anayankha mawu a munthu wachikulire kuseri kwa mawaya. "Chinaphwa ichi. Ndasintha. Pita ukamalize kudya."

Ndinawalitsa tochi. Munalibe munthu. Pakhoma panali chozimitsira chatsopano, singano yake ili pobiriwira kusonyeza kuti n'chodzaza. Mtima unakhala m'malo, mpaka ndinaseka ndekha ngati wopusa.

Kenako ndinagwira kakhadi. Kanali katabooledwa kale, pa tsiku lomwelo. Kabowo kake kanali ka nyenyezi.

Chiboolero cha nyenyezi chinali cha Ataa Ankrah, amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Ndine ndinachiika m'thumba la jekete yawo tisanatseke bokosi la maliro.

"Zikomo, Ataa," ndinanong'ona.

Chapatsogolo mumdimamo, cha kumene kuli nambala 42, kunamvekanso. Khethe.