Mafoloko a Njinga ya Che Abubakar

Panali munthu wina ku Nkhotakota, dzina lake Faizal, ndipo amene anandiuza nkhaniyi akuti anali pomwepo. Bambo ake a Faizal, Che Abubakar, anali ndi njinga yamoto yakalekale, ya nthawi imene msewu wa ku Salima unali wafumbi. Atasiya kuona chifukwa cha ukalamba, anaipereka kwa mwana wawoyo kuti aziwanyamula.

Koma panali mwambo umodzi umene sanausiye. Asanakwere, ankagwira buleki ya kutsogolo n'kukankhira chiwongolero pansi. Mafoloko, zitsulo ziwiri zija zogwira tayala la kutsogolo, ankatsika n'kubwerera pang'onopang'ono, akumveka fuu! ngati ng'ombe yokhuta. Akamva zimenezo ankati, "Ikupuma. Tiye."

Tsiku lina foloko imodzi inayamba kudontha oyilo.

"Ukangosintha marabala ndi oyilo basi," anatero mkuluyo. "Zitsulozo usapatse munthu."

"Ndamva, Baba."

Anamva ndi makutu okha. Faizal ankachita manyazi ndi njingayo, chifukwa akabaza ankamuseka kuti akuyendetsa chigayo. Atapita ku Dwangwa kukafuna marabalawo, anakumana ndi mlendo wina wa pakamwa potsekemera. Mlendoyo anaizungulira njingayo, maso ali pa mafoloko.

"Achimwene, izi zinatha kalekale. Ine ndili ndi zatsopano, taonani kuwala kwake. Tingosinthana, ine zakale ndimangozikonda."

Faizal anaziona zikunyezimira, nazikhumbira. Anati mumtima, Baba saona, adziwa bwanji? Anasinthana pomwepo pansi pa mtengo wa mango.

M'mawa mwake kunali nika, ukwati wa Chisilamu, ya Shamsa mdzukulu wa Che Abubakar, kutsidya kwa mlatho wa Chia. Mkuluyo atatambasula dzanja kufuna chiwongolero, Faizal analiza injini msangamsanga.

"Tachedwa, Baba, kwerani. Ashehe satidikira."

Che Abubakar anakwera. Njira yonse anali duu, pamene masiku onse ankacheza mpaka kukafika. Atayandikira pa Chia, paja ogulitsa nsomba amaimikira magalimoto atanyamula chambo m'mwamba, anamufinya phewa.

"Ima."

"Nsomba tigula pobwerera, Baba."

"Ndati ima, iwe!"

Faizal anaima pambali pa msewu. Mkuluyo anatsika, nagwada pafumbi ndi mkanjo wawo woyera, n'kuyamba kupapasa mafoloko kuchokera pamwamba. Zala zawo zinaima pa kachotupa kobisika ndi penti yasiliva.

"Iyi si miyendo ya njinga yanga."

Kenako anaimirira, anagwira buleki, nakankhira chiwongolero pansi kamodzi kokha, ngati mwa masiku onse. Panamveka thyo! Foloko inaduka pa chotupa paja, inzake inapindika, tayala linagona chammbali. Zinali zitsulo za njinga ya ngozi, zowotcherera n'kupaka penti.

Nthawi yomweyo lole yodzaza shuga inawadutsa ndi mphepo yake n'kukwera pa mlatho, pansi ponse n'kugwedezeka. Aliyense anaona yekha pamene anthu awiriwo akanagwera akanapitirira. Mayi wina wogulitsa chambo anagwetsa nsomba zake, manja kumutu.

"Subuhanallah! Agogo awa saona, koma aona imfa ili patsogolo!"

Faizal anakhala pansi pafumbipo.

"Baba, munadziwa bwanji?"

"Chichokereni kunyumba sinapume. Pa dzenje lililonse msana wanga umadikira kuti ipume, koma imangogogoda ngati mtondo." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Zitsulo wapatsa munthuzo n'zimene zinanyamula mayi ako kupita nawo kuchipatala tsiku limene unabadwa. Msewu unali matope okhaokha. Sizinakugwetse."

Sanamukalipire. Anangodzisasa fumbi m'mawondo n'kuika dzanja paphewa pake.

"Tiye wapansi, Shamsa akudikira. Iwe uziona njira."

Anawoloka mlathowo wapansi, mwana patsogolo akulira ngati wamng'ono, bambo pambuyo akutamanda Mulungu chapansipansi. Ine ndikaganiza za nkhaniyi thupi limachita tsemwe.

Mlendo uja anamufuna ku Dwangwa konse mpaka ku Ngala, koma palibe amene ankamudziwa. Njingayo ili pakhonde mpaka lero, kutsogolo kwake kutasanjikidwa pa njerwa. Akuti m'mawa uliwonse Che Abubakar amapitabe kukagwira chiwongolero, n'kuchisiya osachikankha.

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Usasinthanitse chimene chakusunga ndi chonyezimira cha munthu wosamudziwa, ndipo usanamize kholo poti siliona. Si tonse amene Mulungu adzatiimitse tisanafike pa mlatho. Musaisunge nokha nkhaniyi, ifikitseni kwa ana anu ndi kwa aliyense wogwira chiwongolero.