Malikisi a Evance

"Werenganso," anatero a Morrison.

Vimbai, mwana wa mlongo wawo, anakuza zilembo pafoni. "Evance Thanthwe, 86, sekuru," anatero, kuwatchula malume m'Chishona. "Masewero a Loweruka lapitali."

A Morrison anali atachoka kwawo ku Rimuka m'mawa, n'kupanikizana m'minibasi ya kombi mpaka kwa mlongo wawoyo ku Chegutu, kudzangomva nambala imeneyo. Foni yawo inali ya mabatani.

Mpira wa ku America umene mwana wawo Evance ankasewera ku koleji ya kumeneko sankaumvetsa. Anauonerapo kamodzi: anyamata ovala zipewa zobisa nkhope, akugundana ngati nkhosa zamphongo. Evance sankaukhudza mpirawo n'komwe. Ntchito yake inali kukankha anthu. Koma kunali kampani ina imene anthu ake ankaonera masewero pavidiyo n'kupereka malikisi kwa wosewera aliyense. Evance mwiniwake ndiye anawauza asananyamuke: "Baba, malikisi akakhala pamwamba, dziwani kuti ndili bwino, ndipo malo anga pasukulu sakugwedezeka."

Chaka chatha ankangozungulira m'ma 60. Chaka chino, kuyambira Seputembala, malikisi ankangokwera. Ndipo mu Seputembala momwemo Evance anasiya kuyankha foni.

"Wamuimbira?" anafunsa a Morrison.

"Haisi kupinda, sekuru," Vimbai anayankha m'Chishona, maso ali pansi.

"Sikulowa, eti."

Mwaiwawo, mlongo wawo uja, anabwera ndi tiyi. Anawaikira kapu patsogolo.

"Achimwene, imwani kaye. Pali nkhani."

"Nkhani ndaimva kale. 86." Anakankhira kapuyo pambali. "Ndinkati wadwala. Ndinafika mpaka kwa abusa kuti amupempherere. Wodwala amapeza 86? Watchuka basi. Bambo wonunkha fumbi la thonje ndi wachiyaninso kwa iye?"

"Tsitsani mawu, achimwene."

"Ndiope ndani? Ndinamulera ndekha. Pasipoti ndilibe, Chingerezi chawo cha m'mphuno sindichimva. Ndimufunse ndani? Ndikagogode khomo liti?"

Chimwalirireni akazi awo, anali asanayankhulepo mawu ochuluka chotero. Vimbai anaika foni pathebulo n'kuphimba nkhope ndi manja. Panja, wogulitsa matimati anadutsa akukuwa, mawu ake n'kuzimiririka kumsewu.

A Morrison anatola chipewa chawo n'kuimirira.

"Mukadzamupeza mumuuze. Tsiku lodzakumbuka kuti ali ndi bambo, geti la ku Rimuka adzalipeza lotseka."

Chitseko cha kuchipinda chinalira. Evance anatulukira pa ndodo ziwiri, ataonda, bondo lili m'zitsulo.

"Ndinathyoka pa masewero oyamba, baba. Ndinafika sabata yatha, ndimaopa nkhope yanu. Jezi yanga anaipereka kwa mnyamata wina, ndipo a kampaniwo amangoona nambala ya kumsana. Malikisi onsewo ndi a munthu amene anatenga malo anga."